Dzino la Woimba Lipenga

"Yasamani, bambo. Musaope, sindiluma," anatero adokotala a mano, mayi wamfupi wa magalasi, akukokera nyale pafupi.

A Mapapo anayasama. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a m'bandi, chifukwa akaika lipenga pakamwa mpweya sunkawathera. Koma tsiku limenelo ankamvetsa chisoni. Mlomo wam'mwamba unali utatupa, dzino lakutsogolo likugunda mpaka m'mutu.

"Lawola mpaka kumtsempha, ndipo kumuzu kuli mafinya," anatero adokotalawo. "Chapafupi n'kulizula."

"Kulizula? Mayi, pamenepo ndi pamene pamatsamira lipenga. Mukazula dzinoli mwazula ntchito yanga."

"Njira ina ilipo, koma imafuna munthu wakumva. Lero ndiliboola, ndichotse mtsempha wowolawo, nditsuke m'kati, ndiikemo mankhwala n'kumata mongoyembekezera. Mukadzabweranso ndidzatseka muzuwo n'kuliveka kachisoti kolimba. Kufikira tsiku limenelo dzinoli likhala chigoba chabe. Lipenga lisakhudze pakamwa panu. Mwamva?"

"Ndamva."

Anawabaya jekeseni m'nkhama, mlomo wonse n'kuchita dzanzi. Kamakina kanalira, kenako tizitsulo topyapyala ngati singano tinayamba kulowa ndi kutuluka. Fungo limene linatuluka m'dzinomo, abale inu, a Mapapo anachita nalo manyazi okha. Anagwira mpando zolimba mpaka ntchito inatha.

Ululu unatheradi. Kunyumba akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, anatenga lipenga n'kuliponya pamwamba pa kabati.

"Nyumba yapuma!" anatero. "Anansi akufunsa ngati tinasamuka."

"Sekani, mayi. Mudzalisowa."

"Ine? Zaka zonsezi mukundigonthetsa m'khutu? Likhale komweko."

Ankaseka, koma ankawaona amuna awo. Munthu wamkulu ankangozungulira m'nyumba, akakhala patebulo zala zikudinadina pathabwa, kuimba nyimbo yopanda mawu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lobwerera kwa adokotala lisanafike, m'mawa wina kunabwera uthenga wakuti achimwene awo a a Mapapo atisiya. Anali atadwala nthawi yaitali. Ndiwo ankaimba ng'oma yaikulu m'bandimo, ndipo ndiwo anawagwiritsa a Mapapo lipenga koyamba, ali mnyamata wosamva amene sukulu inamukana.

Kunyumba ya maliro, akazi a malemuwo anawaitanira pambali. Mawu anali atawathera ndi kulira.

"Alamu, achimwene anu anasiya mawu. Anati powatsitsa m'manda muwaimbire ndinu nyimbo ija munkaimba awiri. Anati wina aliyense akaiwononga."

A Mapapo anangogwedeza mutu. Za dzino sananene.

Akazi a a Mapapo anali atamva. Anawatsatira kuseri kwa nyumba, kumene kunaunjikidwa mipando.

"Abambo, musayerekeze. M'bandi muli malipenga ena. Wamkulu wa bandi wanena yekha kuti apeza woimba."

"Sanatchule bandi. Anatchula ine."

"Malemu sakumva, abambo! Amene akumva ndi ife otsala. Adokotala anakuuzani chiyani?"

"Nyimbo imodzi yokha. Ndiimba mofatsa. Komanso silikupwetekanso."

"Silikupweteka chifukwa analichotsa mtsempha! Lingakuuzeni bwanji kuti likusweka?"

"Chibale ndi fupa, mayi, sichiwola."

"Chibale sichiwola, koma dzino lanu linawola kale."

Anayang'anizana. A Mapapo maso anali atafiira. "Munthu amene uja anandichotsa mumsewu. Ndimusiye apite chete ngati analibe mbale?"

Mayiwo anapita okha kunyumba, anakwera pampando, natsitsa lipenga lija akulira ndi mkwiyo.

Kumanda kunali dzuwa loswa mtengo. Bokosi litayamba kutsika, a Mapapo anaika lipenga pakamwa. Anayambadi mofatsa monga analonjezera. Koma nyimbo imeneyo ili ndi malo ena chakumapeto pamene mawu amakwera kwambiri, ndipo pamenepo palibe kunyengerera, umayenera kukanikiza chitsulo pamlomo. Anakanikiza. M'mutu mwawo munamveka kuti the! Ululu panalibe. Anangomva kakomedwe ka magazi palilime, ndi kanthu kakugwedera pamene panali polimba.

Sanasiye. Anaimaliza nyimbo yonse, anthu akulira mokweza, ngakhale okumba manda anaweramitsa mitu. Atatsitsa lipenga, wamkulu wa bandi anawagwira paphewa.

"A Mapapo, simunaimbepo chonchi chiyambire."

Iwo anali atatseka pakamwa ndi mpango.

A Mapapo atabwerera kuchipatala, adokotala sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa. Anaunika, anagwedeza dzinolo ndi kachitsulo, napuma mozama.

"Lang'aluka mpaka kumuzu. Apa palibenso chomata."

"Ngakhale kachisoti kaja?"

"Ndikaveka pa chiyani, bambo? Likatsala, mafinya abwerera, agwire ndi anzake." Anavula magalasi. "Munaimba?"

"Pamaliro a achimwene anga."

"Pepani," anatero mayiwo, natenga chozulira.

Linatuluka zidutswa ziwiri. Anawauza kuti pakapola angathe kuwaikira dzino lochita kupanga, loti azisekera pagulu ndi kulumira zofewa. Za lipenga, anati sangawanamize.

Chilonda chitapola, masana ena a Mapapo analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Akazi awo anali pakhonde, akupinda siketi ya kasitomala. Anamva bokosi la lipenga likutsegulidwa, naimitsa makina osokera.

Kunamveka mpweya wokhawokha, fuu, ukuthawira pampata paja. A Mapapo anayesanso. Kunatuluka kamawu kosasa, konjenjemera, n'kuduka. Anayesa kuika chitsulo chakumbali kwa mlomo, koma zinali chimodzimodzi. Mtima wa mayiwo unawawa kwambiri. Anapondanso makina mwamphamvu, kusoka pamene anasoka kale, kuti amuna awo aziganiza kuti sanamve kanthu.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. A Mapapo anaima pakhomo, dzanja lili pakamwa monga anali atazolowerera masiku amenewo.

"Mayi, kawauzeni akulu a bandi adzatenge chitsulochi. Chisachite dzimbiri m'manja mwanga."

"Lero lomwe, abambo?"

"Lero lomwe."

Mayiwo anafuna kupeza mawu oseka nawo monga mwa masiku onse, koma sanapezeke. Anazula ulusi pamakina, anavala nsapato, natuluka. Kwa wamkulu wa bandi kunali pafupi, kungodutsa msewu. Iwo anadzera njira yaitali, yozungulira kumsika.