Matsagwidi a m'Kapu ya a Levison

Ine ndinawachenjeza atsikana anga a netibolo, Mulungu ndi mboni. Tinali titamva kuti matsagwidi avuta m'masukulu a ku Kaomba. Timu iliyonse yokasewera kumeneko inkabwerako n'kuyamba kutupa masaya. Ndiye ndinati aliyense anyamule botolo lake la madzi, asakayerekeze kugwira kapu ya eni bwalo. Makamaka Lefina, wogoletsa wathu. Opambana tsikulo ankapita ku Boma, kumene sekondale ina inkasankha osewera oti ikawaphunzitse. Lefina anali mu Sitandade 8, ndipo bambo ake anali ataneneratu kuti akapanda kusankhidwa, sukulu yathera pomwepo.

Titangotsika lole, a Levison, mphunzitsi wa timu ya kumeneko, anaona mabotolo aja. Basi, moto buu!

"Aaa, amayi, awa ndi madzi a kwa sing'anga! Mukufuna mutiwazire pagolo eti? Athu ali m'ndowawa akuvutani chiyani?"

Ndinafotokoza za matendawo mpaka malovu kuuma, koma a Levison osamva. Munthu wophunzitsa sayansi ameneyo! Makolo nawo anatizungulira, akuti mlendo sakana madzi a eni mudzi pokhapokha ngati wabisa kanthu. Woimbira anagamula kuti titaye madziwo, apo ayi tagonja osasewera.

Tinawakhuthulira pansi, ine mtima ukuwira. Dzuwa la Okutobala mumalidziwa. Pofika nthawi yopuma ana anali wefuwefu, nanga ndikanawaletsa bwanji? Kapu imodzi yapulasitiki inayenda kamwa ndi kamwa, matimu onse awiri, mpaka kamtsikana kawo kena kamene kanali katayamba kale kutupa tsaya.

Kupambana tinapambana. Lefina anagoletsa mpaka eni bwalo kuti zii.

Koma tsiku la ku Boma likuyandikira, ana anga anayamba kutupa mmodzimmodzi. Tinapita ndi timu yongotolera, n'kukachitako manyazi. Lefina sanadzuke n'komwe. A Levison atamva akuti anangoti, "Mankhwala awo awabwerera." Anthu inu! Ndinapsa mtima mpaka misozi.

Nditabwerako ndinakamuona Lefina. Ndinamupeza atagona pamphasa mumthunzi wa chigafa cha fodya, nsalu itamangidwa m'chibwano, phala lili pambali losakhudza.

"Usadandaule, mwana wanga," ndinatero. "Adzasankhanso chaka chamawa."

Anayankha movutikira, kamwa likukanika kutseguka. "Madamu, chaka chamawa ine ndidzakhala ndikusoka fodya."