Buku Lodyedwa ndi Chiswe

Killion Mphande anali asanathe chaka pa uphunzitsi pamene chiswe chinamudyera buku. Sukulu yake inali chisakasa cha udzu kumtunda kwa Kande, ndipo buku lowerenga la Chinyanja linali limodzi lokha, latsopano, lochokera ku mishoni. Poopa kuti manja onunkha usipa angalidetse, analikulunga m'nsanza nalibisa kudenga nthawi yonse ya tchuthi. Polivundukula, masamba anali zibowo zokhazokha.

Sanauze munthu. Ankadziwa kuti mphunzitsi woyeserera akawononga katundu wa mishoni amamubweza kwawo, ndipo kwawo kunali khoka la amalume ake likumudikira. Choncho anangophunzitsa nalo momwemo.

Kale ana a pasukulupo ankawerenga ngati akuimba nyimbo ya m'tchalitchi, osadziwa chimene akunena, pajatu kunyumba ankalankhula Chitonga. Tsopano wowerenga akafika pa chibowo ankaima, n'kuyang'ana mphunzitsi. Tsiku loyamba Killion, posowa pothawira, anangofunsa kuti, "Nanga inu mukuti chiswe chadya chiyani pamenepa?" Phokoso limene linabuka linathamangitsa nkhuku panja. Kuti asang'ambane, anawaikira lamulo: wotchula mawu abweretse mboni yochokera patsamba lomwelo, kutsogolo kapena kumbuyo kwa chibowo. Masewerawo anawatcha chiswe.

M'mawa wina kunja kunalira belu la njinga. Anali bambo Gideon Manda, woyendera masukulu, munthu wa ndevu zaimvi amene aphunzitsi ankamutchula monong'ona. Killion anaika bukulo pampando nalikhalira.

"Mwe uli, a Mphande? Simuimirira?" anatero bambo Manda, akupereka moni m'Chitonga.

"Mwendo, ada. Mwendo wachita dzanzi."

"Chabwino. Ana inu, lero muwerenga chiyani?"

"Chiswe!" anakuwa onse. "Tikufuna chiswe!"

Bambo Manda anayang'ana kudenga, nayang'ana Killion. Mnyamatayo anaimirira pang'onopang'ono, napereka bukulo ndi manja awiri. Mkuluyo anatsegula tsamba, nalilozetsa kukhomo, ndipo diso lake linaonekera kuseri kwa chibowo. Ana anagwa nazo pansi n'kuseka. Killion anamva kale chingwe cha khoka chikumusupula m'manja.

"Werenga iwe," anatero bambo Manda, akupatsira Jobe, mnyamata wamtali wa kumbuyo.

Inali nkhani yomwe anali asanaifike. Inkanena za mayi amene mwana wake mmodzi yekhayo anapita kutali kukagwira ntchito. Jobe anawerenga mokweza: "Tsiku lina mayiyo atafika pamtsinje anaona..." Anaima, nalowetsa chala m'chibowo. "Ng'ona! Mboni yanga ndi mtsinje."

"Bodza!" anadumpha Eliza, kamtsikana kothwanima pakamwa. "Werenga kutsogolo, Jobe mutu wa mlamba. Akuti anaponya mtsuko naimba nthungululu. Amako amaimbira ng'ona nthungululu?"

"Mwina inali yakufa!"

"Ndiye analowanso m'madzi ndi nsalu zomwe, kuti akaipatse moni?"

Anzake anamenya mabenchi. Wina anati ndi sitima, wina anati ndi mvuu yovala chipewa, ndipo onse anawakuwiza kuti, "Mboni! Mboni!" Eliza analanda bukulo nabwerera kumayambiriro.

"Apa akuti mwana wake anapita kutali. Ndi iyeyo, wabwera ku Halale ndi sutikesi!"

Killion anazindikira kuti bambo Manda akhala pabenchi pakati pa ana, mawondo ali m'chibwano.

"Ine ndili kumbali ya mtsikanayu," anatero mkuluyo. "Ndi mwana wake basi. Mlandu watha."

"Sunathe, ada."

Anali Rhoda, wamng'ono pa onse, amene mawu ake ankamveka kamodzi pa mlungu. Anali atasuzumira pansi pa tsambalo. Anaika chala pa mzere wotsiriza nawerenga mogwagwaja: "Ndipo anabwerera yekha, natola zibade za mtsuko wake."

Onse anatembenukira kwa iye.

"Akanakhala mwana wake sakanabwerera yekha," anatero Rhoda, maso ali pansi. "Anali munthu wina. Anangofanana naye mayendedwe."

Bambo Manda analanda bukulo, naulondola mzerewo ndi chala, nadzimenya pantchafu.

"Kalanga ine! Ndathamangira m'madzi ngati mayi yemweyu!"

Chisakasa chonse chinagwedezeka. Jobe anavina pabenchi akufuula kuti ngakhale akuluakulu alibe mboni. Eliza anamunyamula Rhoda namuzungulitsa. Killion anayesa kuwatontholetsa, koma pakamwa pake panatuluka kuseka kosongoka ngati kwa mbuzi, kumene iye mwini anali asanakumvepo.

Panja, bambo Manda anapinda buluku kumiyendo nagwira njinga yawo. Nkhope inali itabwerera mwakale.

"Bukuli mwaliwononga, a Mphande, ndipo ndikanena momwemo. Denga si sutikesi."

"Inde, ada."

"Chiyambire mwezi uno ndakhala ndikumva ana akuimba mabuku. Lero ndiye ndamva ana akukangana ndi buku. Mukhala pompano. Loweruka mubwere nalo ku Chintheche, aphunzitsi anzanu adzaone. Musamatemo chibowo n'chimodzi chomwe."

"Yewu, ada. Yewu ukongwa!" anathokoza Killion m'Chitonga.

Njinga itazimirira m'minda ya chinangwa, Killion anasowa chochita ndi manja ake. Anatola mwala naguguda chitsulo cha pamtengo mwamphamvu, mobwerezabwereza. Anazindikira mochedwa kuti limenelo ndi belu lowerukira, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Ana anatuluka ngati njuchi kulunjika kunyanja, akukanganabe za mayi uja, iye akuwathamangira pambuyo, buku m'khwapa, akufuula kuti abwerere, koma kuseka kukumulanda mpweya.