Mwamuna Wosaopa Njovu

Ine ndine Miyanda, nesi wa pa kachipatala ka kuno ku Mnkhanya. Kwathu ndi ku Monze, ulendo wa masiku awiri, ndiye wachibale kuno ndilibe. Ndili ndi mwana mmodzi, Tina, wa zaka zinayi, ndi mwamuna, Abson, amene mudzi wonse umamunyadira.

Amamunyadira chifukwa cha njovu. Zikalowa m'munda, amuna ena amaimba zitini ali kutali. Abson amayenda mpaka pafupi, n'kuziwombera ndi mfuti ya tsabola, n'kubwerako akuimba mluzu.

Lachiwiri lapitalo, cha m'ma 4 koloko, tinkachokera kumsika. Iye anali pa njinga, Tina atakhala pa kaliyala, ine pansi. Tangoonani, pamsewu paima njovu yaikazi ndi kamwana kake. Ngakhale chidakwa chimadziwa kuti apo umabwerera. Abson anandicheukira, n'kumwetulira, n'kupalasa kulunjika komweko. Njovu inatambasula makutu. Tina anakuwa. Ine ndinathamanga, ndinagwa m'matope, ndinakuwa mpaka mawu anatha. Abson anakhota atatsala pang'ono kuigunda.

"Ndimafuna ndione nkhope yako," anatero atabwerera.

Ndinamugwira padzanja kuti ndimugwedeze, koma zala za nesi zili ndi chizolowezi chake. Zinapeza mtsempha. Mtima wake unkagunda pang'onopang'ono ngati wa munthu wongodzuka kumene.

Chaka chatha ku Chipata tinali ndi maphunziro a matenda a maganizo. Dokotala wina anatiuza za anthu amene pa Chingelezi amawatchula kuti saikopafi. Si amisala, anatero, mutu wawo umayenda bwinobwino. Chimene chimaperewera ndi mantha, chisoni ndi kudziimba mlandu. Pakamwa ndi okoma, bodza salivutikira, ndipo misozi ya mnzawo amaiyang'ana ngati mvula ya kumudzi wina. Anatipatsa pepala la zizindikirozi, koma anatichenjeza kuti pepala lokha silokwanira kuweruzira munthu, pamafunika akatswiri. Pepalalo ndinaliponya m'kabati. Lachiwiri lija ndinalitulutsa, n'kuliwerenga.

Ndinaitanitsa ankhoswe kuti banja lithe, ndichoke ndi mwana wanga. Tinakumana Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Mbali ya Abson kunali amalume ake, a Luckson. Mbali yanga kunali a Jonah, mkulu wa mpingo amene anandiimira pa ukwati chifukwa abale anga ali kutali. Ndinafotokoza za njovu ija.

"Mwana anavulala?" anafunsa a Luckson.

"Ayi."

"Nanga? Apongozi, uyu njovu amazidziwa ngati mbuzi zake. Zaka teni akutitetezera chimanga. Inu a kumtunda mukaona njovu mumaona imfa."

A Jonah anatsokomola. "Mwanawe, tiyambe ndi mafunso a masiku onse. Amakumenya?"

"Ayi."

"Amamwa? Amagona kunja? Pakhomo pamasowa ndiwo?"

Ayi, ayi, ayi. Ha! Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ine nzeru zimathawa. Ndinatulutsa pepala lija m'chikwama, n'kuyamba kuliwerenga mokweza pamaso pa mwiniwakeyo.

"Sadziwa mantha," ndinatero.

"Ndiye mwamuna ameneyo," anatero a Luckson.

"Sakwiya, sanjenjemera, amanama akukuyang'ana m'maso. Anauza azimayi a kusikelo kuti ndimaulula matenda awo, n'cholinga choti ndikhale wopanda mnzanga. Amayi ake atamwalira sanagwetse msozi, anandifunsa ngati nyama yatsala. Zaka sikisi m'nyumba, mawu akuti pepa sindinawamvepo. Atate, munthu uyu samva kanthu! Ine ndikuopa. Ndikuopa kuti tsiku lina adzafuna kuona nkhope yanga mwana atafa."

Abson ankamvetsera mutu uli pambali, ngati mwana wa sukulu wofuna kukhoza mayeso. Nditamaliza, anatsika pampando n'kugwada m'fumbi. Milomo inayamba kunjenjemera. Kenako misozi, yeniyeni, yotsika mpaka pakolala.

"Amake Tina, pepa," anatero. "Ine amayi atandisiya ndinkalirira kuthengo, kuti iwe usaone. Pepa. Ndakhala kutali ndi mwana wanga, n'chifukwa chake ndimasewera naye mopusa."

Anatenga zimene ndinawerenga n'kuzibweza chimodzichimodzi, mwa ndondomeko yomweyo. A Jonah anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Ine ndinayang'ana pepala lili m'manja mwanga, ndikudziwa kuti ndamupatsa ndekha mayankho.

"Sukulu ndi yabwino, mwanawe," anatero a Jonah, "koma mwamuna sayezedwa ngati malungo. Wagwada. Ufunanso chiyani?"

Ndikanafuna chiyani? Ntchito sindingaisiye popanda kalata ya transifa, ndipo imeneyo imatenga miyezi. Msewu unadulidwa ndi mvula, galimoto sinafike kuno sabata yachitatu. Kupolisi ndikanakanena kuti chiyani, kuti mwamuna wanga anakweza mwana wake pa njinga?

A Luckson ndiwo anamanga nkhani. Anati vuto laoneka, bambo ndi mwana sadziwana. Anati ndisiye kumusiya Tina kwa aneba ndikamapita kuntchito, azikhala ndi atate ake. A Jonah anavomera, n'kupemphera pemphero lalitali lothokoza.

Pobwerera Abson ananyamula Tina pamapewa. Azimayi a pachitsime anatiimbira m'manja. Titangodutsa nyumba yomaliza ndinamuyang'ana Abson. Nkhope inali itauma, yosalala, ngati palibe chachitika.

"Pepala lija n'labwino," anatero. "Undibwereke ndiliwerenge bwino."

Ndinatambasula manja kuti nditenge mwana, iye anangopatuka pang'ono, osasiya kuyenda.

"Mawa umayamba 7 koloko, eti?" anafunsa. "Usadandaule. Ine ndi Tina tidzapeza chochita."