Zimene a Girisi Anapeza M'foloko

Njinga yamoto ija inafika pagalaja Lachiwiri m'mawa, itagonekedwa m'kalole konyamula njerwa. Wilo lakutsogolo linali litayang'ana kwina, galasi kulibe, ndipo pathanki panali pataumira mazira osweka ndi mchenga. A Girisi sanadzuke n'komwe pampando. Anangoloza ndi chibwano pakona pomwe ankaunjikapo matayala akutha.

"Iponyeni apo."

Dzina loti Girisi anawapatsa ndi anzawo kalekale, chifukwa ngakhale ku ukwati ankafika zikhadabo zili bii ndi girisi. Anali atatha zaka makumi atatu akukonza njinga zamoto mumsewu womwewo, pakati pa shopu ya utoto ndi kanyumba kometera. Ankatchuka pa mafoloko akutsogolo ndi mashoko akumbuyo, zida zomwe zimameza mabampu. Njinga yodumpha ngati mbuzi ikalowa pawo, inkatuluka ikuyenda myaa, mwini wake n'kumaseka yekha mumsewu.

Koma njinga iyi inali ya mkamwini wawo, munthu wofatsa wogulitsa mazira, amene ankazungulira m'magolosale mathileyi atasanjikizana kumbuyo. Masabata awiri m'mbuyomo anakweza mkazi wake, mwana yekhayo wa a Girisi, kupita naye kogula nsalu. Pamtsetse wolowera kumsika galu anadutsa. Mkamwini anagwira buleki, njinga inagwada n'kupotokera kumanzere, onse awiri pansi. Iye anangosupuka phewa. Mkazi wake anathyoka dzanja lamanja pamfundo, malo awiri. Ndipo mkaziyo anali telala.

Kuchipatala a Girisi anayankhula zambiri. Anayankhulira mukhonde modzaza anthu, mawu ali m'mwamba.

"Mazira mumawasamala, koma mwana wanga mwamugwetsa ngati thumba la simenti! Munthu wanji wosadziwa kugwira buleki? Laisensi munachita kutola?"

Mkamwini anangowerama. Anzake awiri omwe anabwera kudzazonda wodwala anamva zonse, ndipo pofika mawa lake, kumene ankapikula mazira anali atamupatsa dzina latsopano: Gwetsani.

Njinga inakhala pakona paja masiku awiri. Amene anakakamiza a Girisi kuigwira ndi akazi awo.

"Makina osokera ali phee, njinganso ili phee. Mukufuna mwana wanu adye mkwiyo wanuwo?"

"Ndiikonza," anatero a Girisi. "Koma mwana wanga asadzaikwerenso."

Lachinayi m'mawa anaikweza pachitsa, n'kuchotsa wilo, n'kusolola mafoloko onse awiri. Anayamba ndi yakumanja. Anaikulunga sanza, kuimanga pavaisi yopanira zitsulo, kumasula chotsekera chapamwamba, kenako n'kuipendeketsa m'chitini. Oyilo anatuluka wakuda, wonanda ngati phula. Anamugwira ndi zala, n'kununkhiza. Anali oyilo wa mu injini, wotha kale ntchito.

Wometa wa m'kanyumba kaja anali atatsamira pachitseko, chipeso chili m'thumba la malaya, poti makasitomala anali asanayambe kufika.

"Tabwera uone," anatero a Girisi. "Pali anthu ofunika kuwalanda sipanala. Mbuli iti inathira zimenezi m'foloko?"

"Mwina ankafuna kukazingira mazirawo momwemo," anatero wometa. Onse anaseka, ndipo wometa anabwerera kwake atamva munthu akuitana.

Foloko yakumanzere itapendekeka, munangodontha timadontho tosakwana supuni ziwiri. Labala yotsekera oyilo inali yong'aluka, yomatidwa ndi guluu. Oyilo yense anakhala akutsikira pang'onopang'ono mpaka kubuleki, fumbi n'kumamatirira pamwamba. A Girisi anasolola sipuling'i. Inali yaifupi, ya njinga ya mtundu wina. Pamwamba pake panali kachidutswa ka paipi ya madzi, kapulasitiki kabuluu kotalika ngati chala, koikidwa kuti kakwaniritse pomwe sipuling'i inaperewera. Kanali kataphwanyika, kong'ambika mbali imodzi.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana mpopi wa kuseri kwa galaja. Paipi yake inali yabuluu.

Zonse zinabwerera. Linali Loweruka lina chaka chatha, mpira utatsala pang'ono kuyamba pa TV ya kwa wometa. Mkamwini anafika akukankha njinga, akuti kutsogolo kukugogoda. A Girisi sanamukonde munthuyo chiyambire. Ankaona kuti mwana wawo akanatha kupeza woposa wogulitsa mazira. Anatsegula foloko mokwiya, n'kupeza sipuling'i itathyoka. Yatsopano panalibe, ndipo shopu ya zipangizo inali kutali. Anatola ina m'bokosi la zakale, anadula kapaipi, anathira oyilo yemwe anali pafupi osayeza n'komwe, labala yakale n'kuipaka guluu. Mumtima anati adzakonza bwinobwino sabata yamawa. Anasamba m'manja n'kukapeza mpira utangoyamba.

Sabata yamawayo sinafike.

Anakhala patayala. Munthu wina aliyense akanatha kunena kuti mwina galu, mwina mchenga, mwina liwiro. Iwo ayi. Ankadziwa chomwe chimachitika munthu akagwira buleki foloko imodzi ili ndi oyilo wonanda, inayo ili youma ndi pulasitiki yophwanyika m'kati. Mbali imodzi imalimba, inayo n'kumira, mahandulo n'kutembenuka okha. Ngakhale iwo eni ake akanagwa.

Dilamu ya zinyalala inali pomwepo, mapazi atatu okha. Palibe amene anaona. Anaimirira, anafika mpaka padilamupo, dzanja lili m'mwamba. Kenako anakalowetsa kapaipiko m'thumba la ovolosi.

Masiku atatu otsatira anagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa. Njinga za makasitomala anazibweza. Machubu a mafoloko anawagubuduza pagalasi lathyathyathya, n'kuona kuti lina lapindika. Sanayese kuliwongola. Anapita okha kushopu ya zipangizo n'kukasankha awiri atsopano, masipuling'i awiri olimbirapo oyenera munthu wonyamula katundu, malabala, ndi oyilo weniweni wa m'mafoloko, wopepuka, woyera ngati tiyi wosalowerera. Wogulitsa anadabwa kuwaona akuyeza masipuling'i ndi tepi pakauntala pomwepo.

"Lero mwatani, bambo? Ndi ya bwana wamkulu?"

"Ndi ya munthu," anayankha.

Chilichonse anachitsuka ndi parafini n'kuchiyanika pa nyuzipepala. Malabala anawalowetsa pang'onopang'ono, akugogoda mozungulira kuti asapendekeke. Oyilo anamuyeza ndi jekeseni yaikulu, mbali zonse mofanana, n'kupopa foloko iliyonse mpaka thovu litatha. Anasintha mabering'i a pakhosi pa njinga, anasintha zogwirira buleki zomwe zinamwa oyilo. Mashoko akumbuyo anali atatopa kale ndi mathileyi, ndiye anawachotsa n'kuika ena okhala ndi mano osinthira kulimba.

Kunyumba ankangotola chakudya pang'ono n'kukankha mbale.

"Mukudwala?" anafunsa akazi awo.

"Ayi."

"Nanga bwanji masiku ano simukumunenanso mkamwini? Pakamwa patopa?"

Akazi awo anawayang'ana kanthawi, n'kuchotsa mbale.

Lamlungu masana anailiza njinga n'kulowera kumtsetse womwe uja. Chapakati pake anagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu. Njinga inamira pang'ono, molunjika, n'kudzuka bwinobwino. Anabwerera pamwamba, anatsikanso mothamanga kuposa poyamba, n'kudutsa dala pamchenga. Chimodzimodzi. Ntchito yabwino chonchi masiku onse inkawasangalatsa, koma tsikuli inawawawa. Mumtima munali kachiyembekezo koti mwina njinga ipotokabe, kuti vuto likhale la msewu. Sinapotoke.

Sanabwerere kugalaja. Anapitirira mpaka kwa mwana wawo.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa mpanda wa malata. Pabalaza makina osokera anali atafunditsidwa nsalu, ndipo pakhoma panapachikika madiresi atatu osamaliza, mapini akadali momwemo. Mwana wawo anakhala pampando, dzanja lili m'chikhakha, zala zotupa zikusuzumira kunja. Mkamwini anali atagwada pansi akumumanga zingwe za nsapato. Atamva njinga anatuluka msanga, n'kuima patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Takulandirani, bambo. Lowani."

Analonjerana. Mkamwini ankangoyang'ana njinga kudzera pawindo, koma sanayerekeze kufunsa. A Girisi anapisa m'thumba, n'kuika kapaipi kaja patebulo.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa mwana wawo.

"Chinali m'foloko yakumanzere." A Girisi analoza kapaipiko. "Ndinaikamo ndine. Chaka chatha. Sipuling'i yolakwika, oyilo wakutha, labala yakale. Ndinkathamangira mpira. Njinga ija sikanaima molunjika ngakhale akanayendetsa ndani. Amuna akowa sanalakwe chilichonse. Dzanja lakolo ndathyola ndine."

Panja wina ankatunga madzi, chidebe chikulira.

Mkamwini ndi amene anayamba. "Bambo, ngozi ndi ngozi. Galu uja..."

"Ayi, musawathandize," anatero mkazi wake. Sanakweze mawu. Anayang'ana bambo ake m'maso. "Anabwera kawiri kwa inu. Mukukumbuka? Koyamba anati njinga ikukokera kumanzere. Munati matayala alibe mpweya. Kachiwiri anati pafoloko pakunyowa. Munati chiyani?"

A Girisi ankakumbuka, koma mwana wawo anadziyankha yekha.

"Munati munthu wa mazira asakuphunzitseni ntchito. Ine ndinawauza kuti apite kwa makaniko wina. Anakana. Anati zikamveka kuti mkamwini wa a Girisi akukonzetsa kwina, bambo achita manyazi."

"Mwanangu..."

"Masabata atatu awa munthuyu sakugona. Akundisambitsa, akundipesa, akundipepesa m'mawa uliwonse. Akapita kopikulira mazira akumutcha Gwetsani. Dzulo mayi wina wagolosale anamufunsa ngati mazira ake ali ogwetsedwanso." Anapuma, n'kusuntha chikhakha pamwendo. "Zonyoza zija munayankhulira pagulu, bambo. Izi mwabwera kudzanong'onera m'nyumba."

Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Chitseko sanachimenyetse, anangochikankha ndi phazi.

Amuna awiriwo anatsala okha. Mkamwini anatenga kapaipi kaja, anakatembenuza, n'kukabwezera pomwepo.

"Mtima wake utsika, bambo. Ululu ndi umene ukumuyankhulitsa."

"Wanena zoona," anatero a Girisi. Anaika makiyi patebulo. "Mumapikula nthawi yanji?"

Lolemba m'mawa a Girisi anafika kopikulira mazirako wapansi, atavala ovolosi. Inali shedi yaitali ya malata, mathileyi ataunjikidwa mpaka m'mutu, njinga khumi ndi zingapo zitandandalika panja. Mkamwini anali akumanga katundu wake ndi malabala. Wina anakuwa, "Gwetsani, apongozi ako awo, bisala!" Anthu anaseka.

A Girisi anaima pakati pawo. Ambiri mwa iwo anali makasitomala awo. Anafotokoza zonse monga zinalili, osachotsa za mpira, osachotsa za maulendo awiri omwe anamubweza. Anakweza kapaipi kaja kuti aliyense akaone. Kuseka kunatha. Mmodzi anayang'ana foloko ya njinga yake, n'kuigwira ndi chala.

"Ndiye m'zathuzi muli chiyani?" anafunsa.

"Bweretsa nditsegule uli pomwepo," anatero a Girisi.

Ena anabweretsadi. Ena sanabwerenso, anasamukira kwa makaniko wa kuseri kwa depoti. Nkhani inayenda msewu wonse, ndipo wometa uja kwa masiku angapo ankangowapatsa moni wapatali, osadziwa choti anene. Dzina la Gwetsani silinafe msanga, chifukwa dzina lokoma pakamwa anthu salitaya, koma amene ankalitchula anachepa.

Chikhakha cha mwana wa a Girisi chinachoka patatha masabata asanu ndi imodzi. Dzanja linatuluka lowonda, ndipo chala chachikulu ndi cholozera sizinkakumana bwino. Sizasi inkamugwa. Akazi a a Girisi ndi amene ankapita kukamuona n'kubwera ndi nkhani. A Girisi akapita, mwana wawo ankawapatsa moni ndi mpando, n'kuyankha zomwe afunsa, basi.

Tsiku lina chakumasana mkamwini anaima pagalaja, mathileyi opanda kanthu ali kumbuyo. Anati akadzaza katundu, kumbuyo kukumira pang'ono. A Girisi anatenga sipanala, anagwada, n'kukweza mashoko onse awiri dzino limodzi. Anamuuza akhalepo, n'kuyang'ana mmene njinga ikutsikira.

"Kutsogolo kuli bwanji?"

"Kuli bwino kwambiri, bambo. Mwezi wonse uno sindinaswe dzira ndi limodzi lomwe."

A Girisi anapukuta sipanala ndi sanza, ngakhale inali yoyera kale.

"Nanga dzanja?"

"Akumupatsa kampira koti azifinya. Dzulo wadula kolala ya malaya yekha, koma anatenga ola lonse, ndipo analira pomaliza." Mkamwini anavala chipewa chake. "Adokotala akuti tidikire miyezi itatu, ndiye adzanena."

Analiza njinga n'kulowa mumsewu. A Girisi anatsala atagwada pomwepo, mpaka munthu wina amene ankadikira ndi tayala lophulika anawafunsa ngati akugwira ntchito lero.