Mawu a Páscoa Pabwalo la Tchalitchi

Buku la seweroli Hermínio analipeza m'kabati ya ku parishi ku Milange, litachita chikasu, njenjete zitadya kale tsamba loyamba. Linali la Chipwitikizi, la zaka za m'ma 1800, nkhani yake ya banja: njonda ina ya ku Ulaya ikupirikitsa mkazi wake chifukwa chomuyankha pamaso pa alendo. Hermínio, mphunzitsi wa kusekondale, munthu wokonda kumveka, anati alimasulira m'Chinyanja kuti achinyamata a kwaya akalisewere ku Majaua, kwawo kwa mkazi wake, tsiku lodalitsa maukwati. Mbali ya njonda anadzipatsa yekha, nanga akanapatsanso ndani?

Pokonzekera ankawafotokozera anawo mofatsa. Masiku amenewo kumeneko, ankatero, nyumba, munda ndi ana zonse zinali za mwamuna, ndipo mkazi akachotsedwa ankachoka ndi zovala za m'thupi basi. Verónica, mtsikana amene ankasewera mkazi wa njondayo, anafunsa kuti nanga amalume ake a mkaziyo anali kuti zonsezi zikuchitika. Hermínio anamuuza kuti asasokoneze mbiri.

Chimene chinamuvuta ndi gawo lomaliza, pamene mkazi akuchonderera. Chipwitikizi chake chinali chokometsera kwambiri, ndipo m'Chinyanja chinkatuluka ngati kalata ya kuboma. Ndiye anakumbukira mkangano wa mwezi wathawo, pamene anauza mkazi wake Páscoa kuti asamabwere kusukulu chifukwa Chipwitikizi chake n'chothyokathyoka. Páscoa analira tsiku limenelo n'kunena zambiri. Mawuwo anali ogwira mtima. Hermínio anawalemba momwemo, osasintha, nadzitama kuti ndi katswiri.

Tsiku linafika. Misa itatha anthu anadzaza bwalo la tchalitchi, njinga zitatsamira pamitengo. Apongozi ake anakhala pamphasa kutsogolo, Páscoa pambali pawo atavala chitenje chatsopano. Hermínio anatulukira ndi jekete lakuda ndi ndodo, dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu.

“Choka pakhomo panga!” anakuwa. “Nyumba ino ndi yanga, ana ndi anga!”

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Kuno mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ndipo Hermínio anali mkamwini wa zaka khumi ndi ziwiri pamalo a apongozi ake; ngakhale mtengo wa papaya wa pakhomopo sunali wake. “Akamwini alota!” anakuwa mayi wina kumbuyo, anthu n'kugubuduka. Hermínio anadzilimbitsa mtima: ngati akuseka, ndiye kuti sewero lakoma.

Kenako Verónica anagwada.

“Malaya anu amodzi omwe aja ndinkachapa tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, kuti anzanu asadziwe kuti mulibe ena. Mutalephera mayeso ndinauza amayi kuti munadwala malungo. Lero ndasanduka mbuli yokuchititsani manyazi?”

Kuseka kunazima. Amayi a m'mudzimo ankawadziwa malaya abuluu aja, anawaona pachingwe zaka ziwiri. Mitu inayamba kutembenuka, kusiya sewero, kuyang'ana pamphasa. Apongozi anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, pakuti za malungozo anazikhulupirira mpaka lero. Páscoa sanadzutse mutu, ankangosolola kaulusi m'mphepete mwa chitenje.

Apa m'pamene Hermínio anazindikira chimene wachita, ndipo manyazi anamugwira. Anali atavula mkazi wake pagulu, n'kumayembekeza kuti amuombere m'manja. Mawu ake otsatira anawaiwala, Verónica n'kumunong'oneza kawiri. Anamaliza sewerolo ngati akutafuna mchenga.

Pobwerera anakankha njinga, osakwera, kuti njira italike. Ankadziwa zimene zimagwera mkamwini wotere: katundu panja, amalume a mkazi pampando. Ankaopa kwambiri, pakuti iye ankamukonda Páscoa, ngakhale kuti zimenezo ankazinena bwino m'kalasi kuposa kunyumba.

Panja panalibe katundu. Páscoa anali pakhonde akusenda nyemba m'lichero, chitenje chatsopano atavula kale. Hermínio anakhala pansi chapatali.

“Mayi a Kátia, ndalakwa,” anatero, akumutchula ndi dzina la mwana wawo.

“Mwalemba bwino, bambo a Kátia,” anatero Páscoa, maso ali m'lichero. “Mutu wanu ndi wakuthwa. Simunaphonye liwu, kupatula omaliza aja.”

“Omaliza ati?”

“Tsiku lija ndisanatuluke ndinati, ngakhale zili choncho, nditabadwanso ndingasankhe inu nomwe. Ndinadikira kuti Verónica awanene, kuti amayi amvenso amenewo. Munawasiyiranji? Sanakome?”

Hermínio anafufuza m'mutu mwake. Za malaya zinalimo, za mayeso zinalimo, ngakhale pamene mawu a Páscoa ananjenjemera ankapakumbukira. Koma amenewa munalibe. Nthawi imeneyo n'kuti atatembenuka kale, akufunafuna foni yake pamphasa. Akanatha kunama kuti anawasunga poti ndi a awiri okha, ndipo bodzalo linafika pamlomo, koma manyazi analibweza.

“Sindinawamve,” anatero.

Páscoa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natola lichero n'kuimirira.

“Ndimaganiza choncho,” anatero. “Ndinawanena kamodzi, ndipo lero ndawabwereza. Kachitatu ndilibe.”