Wodwala wa Lachinayi

"Zonsezi n'zinyalala," anatero a Dokotala, akuponya makope a amayi awo m'katoni. "Zaka makumi atatu akupereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo, koma tamva zomwe ankalemba: 'Lero waseka.' Basi! Ntchito imeneyo?"

Chitsirizira, mng'ono wa onse m'banjamo, anangopinda milomo. Panali patangotha masiku anayi chiikireni maliro a amayiwo, koma achimwene akewo anali atakhoma kale masatifiketi awo atatu m'chipinda chomwe amayi ankaonera odwala. Sukulu ya zamaganizo anaiphunziradi. Kungoti ngakhale polira maliro ankaoneka ngati akulemba mayeso.

Nayenso Chitsirizira chipindachi sankachikonda. Anakula akuona anthu achilendo akulowamo ndi misozi, iye atakhala pakhonde ndi nkhani zake zopanda womvera.

Kunja kunamveka odi. Anali bambo wina wamtali, dalaivala wa lole, chipewa chili m'manja.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Ndinamva ndithu. Koma lero ndi Lachinayi, miyendo yangondibweretsa."

"Lowani," anatero a Dokotala akukonza tayi. "Odwala a malemu ndawatenga ine. Tsopano muthandizidwa mwadongosolo."

Chitseko anachisiya chotsegula, mwina kuti mlongo wawo aphunzirepo. Anatulutsa fomu.

"Vuto lanu?"

"Ndinagunda munthu pamsewu, bwana. Anafera pomwepo. Papita zaka ziwiri."

"Mumagona maola angati?"

"Tulo timabwera, koma nkhope yake ija..."

"Ndafunsa maola. Chisoni chanu, kuyambira wani mpaka teni, chili pati?"

Bamboyo anayang'ana pansi nthawi yaitali. A Dokotala anayang'ana wotchi, kenako foni, kenako wotchi.

"Kodi amayi anga ankagwiritsa ntchito njira yanji pa inu?" anafunsa mopsa mtima.

"Njira sindikuidziwa, bwana. Mafunso ake ndi omwewa, nawonso ankafunsa. Koma akafunsa ankadikira." Anaimirira. "Tsiku loyamba ndinakhala ola lonse osatsegula pakamwa. Iwo anangoti, 'Mwayesetsa, mubwerenso.' Pano ndinayambiranso kuyendetsa."

"Sitinamalize fomu."

"Malizani nokha, bwana. Mayankho mukuoneka kuti muli nawo kale."

Chitsirizira anabisa nkhope m'katoni kuti asaphulike ndi kuseka. A Dokotala anatuluka nkhope ili gwa.

"Waona? Amayi anawalekerera anthuwa. Munthu wosafuna kuchira!"

"Mwamuchiza msanga, achimwene," anatero Chitsirizira. "Amayi zaka ziwiri, inu mphindi zisanu. Sukulu ndi yabwino."

"Iwe samala pakamwa pako. Chipindachi ndi changa tsopano."

"Tengani. Mipando yake siyankha mwano."

Chitsirizira anatuluka kukaanika matawulo, n'kupeza dalaivala uja ataima pageti, akupotokola chipewa chake ngati waiwala njira.

"Mwasiya kanthu, bambo?"

"Ayi, mayi." Anachita manyazi. "Kungoti malemu ankandiperekeza mpaka pano. Ndimaopa kuwoloka msewuwu, ngakhale ndili dalaivala. Sankandigwira dzanja ayi, ankati ndine wamkulu. Ankangoima apa mpaka ndikafike tsidya ilo."

Chitsirizira anafuna kunena kuti iye sanaperekezedweko ngakhale tsiku loyamba la sukulu. M'malo mwake anaika beseni pansi, napukuta manja.

"Pitani," anatero.

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, nadikira basi kuti idutse, kenako anawoloka pang'onopang'ono. Atafika tsidya lina anatembenuka. Chitsirizira anali chiimire pageti. Anakweza dzanja, ndipo sanalitsitse mpaka bamboyo atavala chipewa chake.