Lilime la Namfedwa

"Amayi, yasamulani ndione."

Mayi Fyness anatembenukira kukhoma ngati sanamve. Anali pa matiresi pakona, pomwe anakhala chibwerere uthenga wochokera kuchipatala woti amuna awo, bambo Petros, atsamira mkono. Namfedwa sachoka pasiwa maliro asanaikidwe. Siwayo ingakhale fulati ya ku Berea, mwambo umakwera nawo masitepe.

"Ndati yasamulani, amayi," anatero Consolata, mwana wawo, atagwada pambali pawo.

"Ndine mwana wa kusikelo ine?"

"Mukutsokomola kwambiri."

"Ndani sakutsokomola? Ndi chisanu cha ku Joni chino."

Komabe anayasamula. Lilime linali lofiira, lopanda kanthu. Consolata anapumira m'mwamba, natenga makapu kupita nawo kusinki. Kumeneko, kuseli kwa botolo la sopo, anapeza supuni. M'mphepete mwake munali zinthu zachikasu, zonanda ngati phala logona.

Anaima osaphethira. Bambo ake atayamba kumva kuphwanya m'thupi, atangobwera kuganyu yawo yosamalira maluwa ku Sandton, lilime lawo linayera ngati anyambita ufa. Aliyense m'nyumbamo anadziwa tanthauzo lake. Kwawo ku Ntcheu, lilime loyera ndi zikhato zotuwa ndiye kuti magazi achepa. Anagula masamba a mapeyala kumsika wa Yeoville, kuwawiritsa mpaka madzi kufiira, ndipo bambo ankamwa mosanyinyirika. M'mawa uliwonse ankatulutsa lilime losalala n'kunena kuti, "Waona, Conso? Mankhwala akumudzi sanama." Onse ankayamika masambawo.

Atagwa m'bafa n'kuwathamangitsira kuchipatala, namwino anaimba foni kufunsa kuti lilime lawo linayamba liti kukuta zachikasu chonchi, louma, lakuda m'mbali. Anati lilime palokha silinena zonse, koma odwala korona amene amafika nalo lotero, nthawi zambiri matenda amakhala atalowa kale m'mapapo. Consolata anatsutsa kuti linali labwinobwino. Tsopano supuni inali m'manja mwake.

Chitseko chinagogodedwa. Analowa bambo Abednego, mng'ono wa malemu, masiki ali pachibwano.

"Alamu, zonse zatheka," anauza namfedwa. "Tiika mawa m'mawa. Malire ngotseka, ndiye akumudzi adzaonera pa foni. Achemwali athu akumudzi ati mudzavale duku yakuda, mudzaime pafupi ndi dzenje kuti adzakuoneni bwino."

"Amayi akupita kuchipatala lero," anatero Consolata.

"Iwe Conso, wayamba liti kulankhula akulu akulankhula?"

Consolata anaika supuni ija patebulo. "Amayi, ichi n'chiyani?"

Mayi Fyness anaiyang'ana. "Bambo ako ankatero," anayankha motsitsa mawu. "Ankadzuka iwe usanadzuke, n'kupala lilime mpaka kutuluka magazi. Ankati mwanayu ali ndi mayeso, asaone zoopsa."

"Ndiye inunso mwati mundibisire?"

"Ndimati ndingowaperekeza kaye. Zangazi ndiona mawa likadutsa."

Bambo Abednego anakweza masiki yawo mpaka pamphuno, nasunthira kumbuyo pang'ono. "Eish. Komabe ndi tsiku limodzi lokha. Mkazi wamasiye osaponya dothi m'manda mwa mwamuna wake, akumudzi adzati chiyani? Adzati Joni inatidya mitu. Mlandu umenewo udzagwera ine, osati iwe."

"Akumudzi adzaonera pa foni, bambo aang'ono. Mukufuna adzaonere kawiri?"

"Pakamwa pako!"

"Msiyeni, alamu," anatero mayi Fyness. "Iwe Conso, olowa m'chipatala muja amatuluka? Bambo ako tinawasiya pageti. Sitinawagwire ngakhale dzanja, sitinawasambitse, bokosi atikhomereratu. Ndiye undilandenso ndi dothi lomwe? Ine ndinalumbira kutchalitchi kuti mpaka..."

Mpweya unawathera pakati pa mawu. Anagwira pachifuwa, mapewa akukwera ndi kutsika, pakamwa pali yasa. Lilime lomwe analipala m'mawa linali litayambanso kutuwa chakumizu. M'chipindamo munangomveka kupuma kwawo, ndi mahutala a matakisi mumsewu pansipo.

Consolata sanawakakamize. Anakhala pansi, nati, "Bambo ananditeteza, ndipo lero ndilibe bambo. Dothi ndidzaponya ndine, manja awiri, lina lanu. Koma musanditeteze ngati iwo."

Mayi Fyness anayang'ana mwana wawo, kenako mlamu wawo. Bambo Abednego anayang'ana pansi, akupotokola kiyi wa galimoto yobwereka. Ankawadziwa achimwene awo. Munthu uja akanatha kuthyoka mwendo n'kumavina kuti anthu asadandaule.

"Nanga pasiwa pakhala ndani?" anafunsa, koma mawu awo anali atafewa.

Mayi Fyness anagwira khoma, nadzuka pang'onopang'ono. Consolata anawaveka masiki ndi nsapato, nalongedza chitenje ndi mswachi m'jumbo.

Atafika pakhomo, mayi Fyness anaima. Sanatsegule chitseko. Anangoima chofulatira, manja atawatambasulira kumbuyo pang'ono, ngati munthu wodikira kanthu. Consolata anaganiza kuti mpweya wawatheranso.

Bambo Abednego ndi amene anazindikira. Achimwene awo sankalola mkazi wawo kutuluka m'chisanu asanamuveke juzi ndi manja awo, ndipo bambo Abednego anawaseka zaka zonsezo kuti anadyetsedwa khuzumule. Anapita pa msomali wa kuseli kwa chitseko, natenga juzi yobiriwira. Anawalowetsa alamu awo mkono umodzi, kenako winawo, movutikira ngati munthu wosazolowera, nakonza kolala kumbuyo.

"Ankamangiranso batani la pakhosi," anatero mayi Fyness.

Bambo Abednego anawazungulira, nalimanga.